Keyala ndi Odi: Za Makomo a Kompyuta

Pa msewu wochoka ku Lilongwe kunka ku Mchinji pali malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Kumeneko kunachokera mtedza wa CG7 m'chaka cha 1990. Ntchito ya pa malo otere njoyesa ndi kulemba: kulemera kwa mbewu za pa ndime iliyonse, kuchuluka kwa mvula, ndi kutentha kwa tsiku. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 masikelo a magetsi ndi zipangizo zoyesera nyengo zinkapereka manambala awo ku kompyuta kudzera pa khomo limene Angerezi amalitcha serial port. Inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudzafunsidwa ndi ana za makina awa, ndipo kuyenera kuti mudzawayankhe m'chinenero chawo.

Pa khomo limeneli uthenga umadutsa pamzere, monga ana olowa m'kalasi mmodzimmodzi. Malamulo ake, otchedwa RS-232, anakhazikitsidwa ku America m'chaka cha 1960. Makomo akaperewera, munthu ankagula khadi lokhala ndi makomo ena, nalilowetsa mu mpata wa mkati mwa kompyuta. Koma khadilo silinkagwira ntchito lisanapatsidwe zinthu ziwiri, zimene ife tizitche keyala ndi odi.

Choyamba ndi keyala. Monga kalata siingafike popanda keyala, chomwechonso pulosesa, ndiye kapitawo wa mkati mwa kompyuta, sangatumize kanthu pa khomo losadziwika nambala yake. Kuchokera pa kompyuta ya IBM ya 1981 ndi zina zoitsatira, makomo anayi anazolowereka ndi makeyala awa: COM1 pa 3F8, COM2 pa 2F8, COM3 pa 3E8, ndi COM4 pa 2E8. Zilembo zosakanikirana ndi manambalazo zisakuopseni. Ndi kawerengedwe komanga mitolo ya 16 m'malo mwa mitolo ya 10, ndipo A kufikira F zimaimira 10 kufikira 15. Chotero 3F8 ndiye 1,016 m'kawerengedwe kathu, ndipo 3E8 ndiye 1,000.

Chachiwiri ndi odi. Mwini nyumba sakhalira kusuzumira panja kuona ngati kwabwera mlendo. Amagwira ntchito zake kufikira atamva odi. Pulosesa nayenso amatero. Chilembo chikafika pa khomo, khadi limaodira kudzera pa waya wake wotchedwa IRQ, ndipo pulosesa amasiya zimene akuchita, nalandira chilembocho, nabwerera ku ntchito. Pafunika changu, pakuti pa liwiro la 9600 zilembo 960 zimafika pa sekondi imodzi. Kachipangizo kakale ka 8250 kankasunga chilembo chimodzi chokha, ndipo kuchedwa pang'ono kunkachititsa kuti chobwera pambuyo chifafanize chinzake. Kachipangizo ka 16550 kanachepetsa vutoli posunga zilembo 16.

Tsono mkangano unkabuka apa. Mawaya a odi anali ochepa: 8 pa makina a 1981, ndipo pa makina a AT a 1984 anawerengedwa kuyambira 0 kufikira 15, ambiri ali ndi eni ake kale. Chifukwa chake COM1 ndi COM3 anapatsidwa IRQ 4, ndipo COM2 ndi COM4 anapatsidwa IRQ 3. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Tiyerekeze kuti sikelo yalumikizidwa pa COM1, ndi choyesera mvula pa COM3. Zonse zikaodira pa waya umodzi, pulosesa amayankha chimodzi ndipo chinacho chimangoti zii. Manambala ena amatayika, mwinanso makina amauma. Kwa wofufuza mbewu ili ndi tsoka, pakuti kulemera kwa mtedza kukalembedwa kopereweza, mbewu yabwino ikhoza kukanidwa, ndipo mlimi wa ku Nsaru kapena ku Namitete ndiye aluza.

Kakonzedwe kake kanali kotere. Munthu ankayamba walemba papepala makeyala ndi ma IRQ amene ali ndi eni ake. Atatero ankazimitsa makina, nazula waya wa magetsi, nakhudza chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi lake asaononge khadi. Pa khadipo panali timisomali toimirira tiwiritiwiri, ndi tizipewa totchedwa jumper. Kuvundikira timisomali tina ndiko kusankha keyala, ndipo tina ndiko kusankha odi, motsata kapepala kobwera ndi khadilo. Kawirikawiri IRQ 5 ndiyo inkapatsidwa kwa khomo lachitatu, ngati khadi la mawu silinaitenge kale. Potsiriza, pulogalamu inkauzidwa manambala omwewo, pakuti khadi likaodira pa 5 pamene pulogalamu ikumvetsera pa 4, palibe chimveka.

Kuyambira pa Windows 95 m'chaka cha 1995 ndi USB m'chaka cha 1996, makina anayamba kugawa okha manambalawa, ndipo tizipewa tija tinasowa pang'onopang'ono. Komabe lamulo silinasinthe: chipangizo chilichonse chiyenera kukhala ndi malo ake odziwika, ndi njira yake yoitanira.

Pophunzitsa izi simusowa kompyuta. Ikani ana anayi pa makomo ojambulidwa pansi, aliyense ndi nambala yake, ndi wachisanu akhale pulosesa atafulatira. Awiri apatsidwe mawu amodzi oodira, naitane pamodzi. Kusokonezeka kwa wachisanuyo kudzawaphunzitsa mwachangu koposa mawu anu onse.