Liu lakuti ng'ombe lingagwetse pulogalamu ya kompyuta

TIYEREKEZE kuti mnyamata amene waphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta wapangira mwini sitolo pulogalamu yosungiramo maina a katundu ndi mitengo yace. Asanaipereke waiyesa polembamo sopo, mcere, shuga ndi mafuta ophikira, ndipo zonse zalowa bwino lomwe. Koma pa tsiku loyamba lenileni, wogulitsa atangolemba kuti "nyama ya ng'ombe," pulogalamu yaima, ndipo pagalasi paoneka mau a Cingerezi onena kuti pali colakwa. Ogula ali pamzere, mwini sitolo wakwiya, ndipo mnyamata uja poyankha pa foni angoti, "Pepani bwana, koma pa kompyuta yanga inali kugwira bwino."

Mau amenewa amamveka kawirikawiri pakati pa anthu a nchito imeneyi m'maiko onse. Mafunso amene olemba mapulogalamu amafunsana, kaya a pa kompyuta ya patebulo kaya a pa foni ya m'manja, ndi ambiri ndithu, koma mukawapenda bwino mudzaona kuti oculuka a iwo acokera pa tsinde limodzi. Wolemba anaganiza kuti zinthu zidzakhala monga momwe anazionera iye poyesa, ndipo kompyuta, imene ilibe nzeru yoganizira zimene sinauzidwe, inatsata ganizo lomwelo kufikira linaigwetsa.

Kacizindikiro kakang'ono

Mapulogalamu ambiri amasunga zinthu m'nkhokwe yochedwa database, ndipo amalankhula nayo m'cinenero cochedwa SQL. M'cinenero cimeneci kacizindikiro kapamwamba kaja, kamene ife timaika pakati pa ng ndi o polemba ng'ombe, ndiko kamasonyeza poyambira ndi pothera mau. Cotero nkhokwe ikawerenga "nyama ya ng" ndi kufika pa kacizindikiroko imayesa kuti dzina la katundu lathera pomwepo. "Ombe" wotsalayo imamutenga ngati lamulo, ndipo popeza lamulo lotero kulibe, imakana zonse. Vuto lomweli limagwera anthu athu amene maina ao amayamba ndi Ng', ndiponso anthu a ku Ireland amene maina ao amayamba ndi O'.

Kuima kwa pulogalamu ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi cimene cabisala kumbuyo kwace. Ngati kacizindikiro kamodzi kangacititse nkhokwe kuyesa mau a munthu kuti ndi lamulo, ndiye kuti mbala yocenjera ingalembe kacizindikiroko mwadala ndi kutsatiza lamulo lacelace, monga lakuti nkhokwe ionetse maina onse a ogula kapena ifafanize ngongole zonse. Kuba kotere akatswiri amakucha SQL injection, ndipo ndi imodzi mwa njira zodziwika kwambiri zothyolera mapulogalamu.

Ena akakumana ndi vutoli amangoletsa kacizindikiroko, zimene zili ngati kuuza munthu kuti asinthe dzina la makolo ace kuti likondweretse makina. Mankhwala enieni ndi kulekanitsa lamulo ndi mau a munthu. Lamulo litumizidwe lokha lili ndi mipata yosiyidwa, mau a wogulitsa atumizidwe paokha kuti akadzaze mipatayo, ndipo nkhokwe sidzasokonezanso ziwirizi. Zinenero zonse zazikulu, monga Java, Python ndi C#, zili ndi njira imeneyi yokonzeratu.

Ngwee yosowa

Funso lina lofala limacokera kwa olemba mapulogalamu owerengera ndalama: "Nanga bwanji masamu a kompyuta akusiyana ndi a m'buku?" Mukauza kompyuta kuti iphatikize 0.1 ndi 0.2, zinenero zambiri zimayankha 0.30000000000000004. Makinawo sanaonongeke ai. Kompyuta imawerenga ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1, ndipo m'kawerengedwe kotero 0.1 alibe mathero, monga momwe ife tikagawa 1 patatu timapeza 0.333 wosatha. Imadula pamene malo athera, ndipo kotsalira kakang'onoko kakaunjikana pa malonda zikwi zambiri, kapena kakagwera pamalire pozungulitsa nambala, ngwee imasowa kapena kuonjezeka.

Odziwa nchito amasunga ndalama monga manambala athunthu a ngwee. K12.50 imasungidwa monga 1250, ndipo kadontho kamaikidwa pokhapokha poonetsa munthu. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ndalama zimasintha. Pa 1 Januwale, 2013, Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama zathu, kotero kuti K1,000 yakale inasanduka K1, ndipo makobiri a 5, 10 ndi 50 ngwee anayamba kuyenda. Pulogalamu iriyonse imene inalembedwa ndi ganizo lakuti ngwee ilibe nchito inafunika kukonzedwanso.

Nambala ingathenso kukulira malo amene anaikonzera. Pa 4 Juni, 1996, roketi ya maiko a ku Ulaya yochedwa Ariane 5 inaphulika isanathe mphindi imodzi m'mwamba itanyamuka ku Kourou m'dziko la French Guiana. Ofufuza anapeza kuti mbali ina ya pulogalamu yace inatengedwa ku roketi yakale, Ariane 4, m'mene inagwira bwino zaka zambiri. Roketi yatsopanoyo inali yaliwiro kwambiri, ndipo nambala ina yokhudza liwirolo inaposa 32,767, amene anali malire a malo oisungiramo. Kompyuta yaciwiri yoikidwa kuti ithandize yoyamba ikalephera inali ndi pulogalamu yomweyo, motero nayonso inalephera mofananamo. Apa akatswiri aakulu anagwa m'mbuna yomwe anagwamo mnyamata wathu wa ku sitolo.

Foni ikauma

Olemba mapulogalamu a pa foni ali ndi madandaulo aoao, ndipo lalikulu ndi lakuti pulogalamu "yauma," munthu akukhudza galasi koma palibe cocitika. Pulogalamu iriyonse ili ndi wanchito mmodzi wamkulu amene udindo wace ndi kujambula za pagalasi ndi kumva zala za munthu. Mukamtuma wanchito ameneyo kukatenga zinthu pa intaneti, muli ngati mwini sitolo amene watuma wogulitsa wace yekhayo kukaoda katundu ku tauni, ogula ali ciimire pakauntala. Pa mafoni a Android, munthu akakhudza galasi ndipo papita masekondi 5 osayankhidwa, foni imaonetsa uthenga wakuti pulogalamu siikuyankha ndi kumfunsa ngati afuna kuitseka. Kuyambira pa Android 3.0 ya m'caka ca 2011, foni imakaniratu pulogalamu yofuna kupita pa intaneti kudzera mwa wanchito wamkuluyo. Nchito zocedwa ziyenera kupatsidwa kwa anchito ena a kumbuyo.

Vuto limeneli limabisala cifukwa wolemba amayesera m'ofesi momwe intaneti ndi yacangu, pa foni yatsopano. Wogwiritsa nchito weniweni angakhale kumudzi kumene netiweki imabwera ndi kucoka, ali ndi foni yakale yodzaza zithunzi. Palinso cina cimene cimadabwitsa ongoyamba kumene: munthu akatembenuza foni ya Android camcimbali, foni imapasula tsamba limene linali pagalasi ndi kulimanganso, ndipo zonse zimene munthu analemba pa fomu zingatayike ngati wolemba sanakonze posungira.

Mlandu wina wogwetsa mapulogalamu pa foni ndi pa kompyuta pomwe ndi kufuna cinthu pamalo popanda kanthu. Pulogalamu yalembedwa kuti iwerenge nambala ya foni ya wogula aliyense, koma wogula wina sanapereke nambala, ndipo pamalo pace pali cimene amacha null, ndiko kuti palibe. Katswiri wa ku Britain, Tony Hoare, ndiye anaika null m'cinenero ca ALGOL W m'caka ca 1965, ndipo m'caka ca 2009 anapepesa poyera pa msonkhano ku London, nanena kuti colakwa caceco cinatayitsa anthu ndalama zosawerengeka. Zinenero zatsopano monga Swift ya Apple ndi Kotlin ya JetBrains zimakakamiza wolemba kunena coyamba cimene cidzacitika ngati cinthuco palibe.

Kasakidwe ka colakwa

Olemba mapulogalamu amacha colakwa kuti bug, ndiko kuti kacirombo. Pa 9 Seputembala, 1947, anchito a pa kompyuta ya Mark II ku Harvard, gulu limene munali Grace Hopper, anapezadi kagulugufe kausiku katakanirira m'makina, nakamata m'buku lao la nchito. Masiku ano kacirombo sikaoneka ndi maso, ndipo kukapeza kumafuna dongosolo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Coyamba, cititsani colakwaco kuti cibwerenso pamaso panu. Funsani wogulitsa mau enieni amene analemba, foni kapena kompyuta imene anagwiritsa nchito, ndi cimene anacita cisanacitike. Colakwa cimene simungathe kucibwereza simungadziwe ngati mwacikonza.

Caciwiri, werengani uthenga wa colakwa mpaka kumapeto. Ambiri amaopa mau a Cingerezi aja nawatseka msanga, cikhalireco m'menemo mwalembedwa dzina la failo ndi nambala ya mzere pamene pulogalamu inagwera. Pa Android mauthenga amenewa amapezeka m'cipangizo cochedwa Logcat.

Cacitatu, sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Wosintha zinthu zisanu pamodzi, pulogalamu ikacira sadziwa mankhwala amene anaiciritsa. Cipangizo ca Git, cimene Linus Torvalds anapanga m'caka ca 2005, cimasunga mbiri ya kusintha kulikonse, kotero kuti munthu angabwerere pa tsiku limene zinthu zinali bwino ndi kuona cimene cinalowa pambuyo pace.

Cacinai, zikakanika funsani, pakuti safunsa anadya phula. Koma kungoti "siikugwira" si funso ai. Nenani cimene munayembekezera, cimene cinacitika, uthenga wonse wa colakwa, ndi kacigawo kafupi ka pulogalamu koonetsa vutolo. Nthawi zambiri munthu amapeza yankho ali m'kati mokonza funso lotero.

Mnyamata uja akatsata njira imeneyi adzapeza kuti mizere yofunika kusintha ndi iwiri kapena itatu cabe. Koma asathamangire kubweza pulogalamu ku sitolo. Alembe mayeso odziyendetsa okha amene adzalowetsa "ng'ombe" nthawi zonse pulogalamu ikasinthidwa, kuti vutolo lisadzabwerere mwakacetecete. Kenaka aiyese ndi mtengo wa K0.10, ndi wogula wopanda nambala ya foni, ndiponso intaneti itazimitsidwa. Mwini sitolo waika ndalama zace ndi mbiri ya malonda ace m'manja mwa pulogalamuyo, ndipo tsiku lina adzafunsidwa ndi mnzace kumene angapeze munthu womlembera yace.