Malo a Mudzi Watsopano: Tipeze Mwachilungamo, Tilembe

Masiku ano mabanja ambiri a m'matauni atopa ndi lendi, mabilu a madzi ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo ena akuganiza zosonkhana mabanja khumi kapena makumi awiri kuti akayambe mudzi wawo kutali ndi mawaya a ESCOM, mudzi wokhala ndi mzikiti, madrasa, mjigo ndi magetsi a dzuwa. Maganizo amenewa ndi abwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma zonsezi zimaima pa chinthu chimodzi: malo. Ndipo malo otsika mtengo kwenikweni ndi amene apezedwa motsata lamulo, chifukwa malo ogula mwamseri munthu amawalipira kawiri, koyamba kwa wogulitsa, kachiwiri ku bwalo la milandu.

Njira yoyamba ndiyo kupempha malo a mafumu. Gawo lalikulu la nthaka ya Malawi lili m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, amene anakonzedwanso mu 2022. Malamulowa amalola munthu, banja kapena gulu la nzika kulembetsa malo otere ndi kulandira chikalata cha umwini. Pempho limapita ku komiti ya malo ya m'dera la gulupu. Wapampando wake ndi agulupu eni ake, ndipo pa mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Choncho mawu a mfumu imodzi onenedwa usiku pakhonde sakwanira.

Chinanso, m'maboma monga Mangochi, Machinga ndi Zomba malo amatsata mbumba ya kuchikazi. Bambo angakulozereni munda nalandira ndalama, pamene eni ake ndi alongo ake ndi ana awo. Musanapereke kanthu, khalani pansi ndi mwini mbumba, amayi a pabanjapo ndi oyandikana nawo malire. Safunsa anadya phula.

Njira yachiwiri ndiyo kusonkha ndalama ndi kugula esiteti imene ili kale ndi lizi. Izi zinachitikapo m'dziko muno. Kuyambira 2004 mpaka 2011, boma mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo. Mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kumene minda ya tiyi inapanikiza anthu, anadzigawa m'magulu nagula maesiteti, makamaka ku Machinga ndi Mangochi, ndipo banja lililonse linapeza pafupifupi mahekitala 2. Ntchitoyo inatha, koma inatisiyira maphunziro awiri. Loyamba, gulu limatha kugula malo amene munthu mmodzi sangawakwanitse. Lachiwiri, ena mwa osamukawo anavutika chifukwa madzi, sukulu ndi chipatala zinali kutali. Tsono pitani mukaone malowo m'mwezi wa Okutobala zitsime zitaphwa, mukaonenso mu Febuluwale misewu itaterera.

Musanalipire esiteti, pitani ku ofesi ya Unduna wa za Malo mukafufuze dzina la mwini wake, zaka zotsala pa lizi, ngongole ya msonkho wa malo, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Wopima malo wovomerezeka akuonetseni zizindikiro za malire.

Njira yachitatu ndi yathu ife Asilamu, ndiyo wakfu. Sayyidina Umar (RA) atapeza munda ku Khaybar, Mtumiki Muhammad (SAW) anamulangiza kusunga mundawo ndi kupereka zokolola zake ngati sadaka, kotero kuti sunagulitsidwe kapena kugawidwa ngati chuma chamasiye. Nayenso Sayyidina Uthman (RA) anagula chitsime cha Ruma ku Madina nachipereka kwa anthu onse. Lero Msilamu amene ali ndi malo ochuluka angathe kupatula gawo lina kuti pakhale mzikiti, manda, mjigo ndi dimba la ana amasiye. Koma wakfu wa pakamwa umafa pamodzi ndi woperekayo, pakuti adzukulu amadzabwera ndi nkhani zina. Gulu lilembetsedwe ku boma, likhale ndi matrasti ake, ndipo malo alembedwe m'dzina la gululo, osati la Shehe kapena la wapampando.

Pomaliza, gwirizanani za mawa mudakali okondana. Kodi banja likafuna kuchoka lidzabwezeredwa chiyani? Bambo akamwalira, mayi ndi ana adzakhalabe pamalopo? Ndani adzasunga ndalama zokonzera mjigo ndi kugula mabatire atsopano? Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, imatilamula kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ngati ngongole ya nyengo yochepa iyenera kulembedwa, nanji malo amene adzadyetsa ana ndi adzukulu?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzi womangidwa pa nthaka yolanda sungakhale ndi madalitso, ngakhale adhana atamveka kasanu pa tsiku. Allah atipatse malo a halali ndi anansi abwino. Amin.