Ulemu wa Pakhonde Usathere Pafoni

Kale, munthu akatisiya pa Nkhudzi, uthenga wa maliro unkayenda ndi miyendo. Akuluakulu ankatuma munthu wodziwa kulankhula. Iye ankafika pakhomo, kupereka salaamu, kukhala pansi, kenaka nkunena mawu akewo mosamala. Lero uthenga womwewo ukumafika ku Johannesburg madzi osambitsira maliro asanatungidwe nkomwe.

WhatsApp idayamba mu 2009, ndipo tsopano mabanja ambiri kuchokera ku Mangochi boma mpaka ku Monkey Bay ali ndi gulu lawo pafoni. Pali la pabanja, la kumzikiti, la makolo a ku madrassa ngakhalenso la ogula usipa padooko. Ubwino wake ngwosachita kufunsa. Popeza Asilamu sitichedwetsa maliro, foni imathandiza kuti abale afike msanga pa swala ya janaza, ndipo ana athu a ku Joni amatumiza ya sanda tsiku lomwelo.

Koma gulu la pafoni ndi khonde lomwe pakhala agogo, amalume, apongozi ndi ana nthawi imodzi. Zimene munthu sangayankhule apongozi ali pomwepo, asazilembenso pagulu.

Chowawa kwambiri ndi nkhani ya zithunzi. Mwera ukagubuduza bwato, ena amathamangira kugombe ndi foni m'manja, kujambula thupi la msodzi nkulimwaza. Mayi ake amadziwira pa foni ya mnansi kuti mwana wawo wapita. Thupi lomwe chipembedzo chimatilamula kulisambitsa mobisa ndi kuliphimba, ife tikulionetsa kwa anthu osalidziwa nkomwe. Mwambo wake ngwachidule: eni maliro auzidwe kaye ndi pakamwa, ndipo wolengeza pagulu akhale amene banja lamutuma. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri ndi mphekesera. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idaphetsa anthu osalakwa m'maboma monga Mulanje ndi Phalombe. Mu 2019, pomwe alendo ankachitidwa chipongwe ku South Africa, makanema ena omwe adazungulira m'mafoni adali akale kapena a kumaiko ena, koma makolo kuno adagona osadya poganizira ana awo. Surah Al-Hujurat imatilangiza kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, ndipo imaletsa miseche ndi kuitanana maina onyoza. Uthenga wokhala ndi chizindikiro cha mivi iwiri pamwamba wadutsa m'manja ambiri. Funsani gwero lake musanautumize kwa ena.

Palinso tinthu tina timene timaoneka tating'ono. Yambani ndi salaamu, ndipo wina akapereka muyankheni. Wamkulu ndi "inu" ngakhale pafoni. Gulu la kumzikiti si malo okumbutsirana ngongole kapena kukokerana zipani. Mkangano wa m'banja upite kwa ankhoswe kapena kwa a Shehe, osati pamaso pa anthu 50. Musatumize makanema ataliatali usiku, poti bandulo ya mnzanu idagulidwa ndi thukuta, ndipo msodzi wochokera kunyanja m'mamawa amafuna tulo. Nambala kapena chithunzi cha mkazi wa mwini, musapereke kwa wina popanda chilolezo chake.

Boma nalo lidaikapo dzanja. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kuzunza, kuopseza kapena kuvutitsa munthu ndi mauthenga a pafoni ndi pakompyuta ndi mlandu, ndipo anthu ena m'dziko muno adamangidwapo kaamba ka zomwe adalemba pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Oyang'anira gulu ali ngati mwini khonde. Wolakwa amuitanire pambali, osamuyalutsa pagulu. Nanunso makolo, musanagulire mwana foni, khalani naye pansi mumuuze kuti mawu onenedwa padooko amapita ndi mphepo, koma olembedwa pafoni anthu amasunga, ndipo tsiku lina adzawerengedwa ndi apongozi ake.