Mlonda wa nkhani anasamukira mufoni mwathu

Mwezi wathawu ndinachita manyazi. Cha m'ma 9 koloko usiku ndinaponya pa gulu la WhatsApp la kwathu uthenga woti mafuta a galimoto akwera pakati pa usiku womwewo. Amalume, omwe amayendetsa takisi, anathamangira kukadzaza thanki ndi ndalama yomwe anasungira lendi. Kutacha, mtengo unali womwewo. Anandiimbira: "Mphwanga, si iwe umalemba munyuzi? Ndiye ife tizikhulupirira ndani?"

Ndinasowa choyankha. Koma funso lawo silachilendo. Akatswiri ofufuza za utolankhani m'mayunivesite akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 70: kodi ndani amasankha nkhani zomwe zimatipeza?

Mu 1950, David Manning White wa ku America anatulutsa kafukufuku wokhudza mkonzi mmodzi wa nyuzipepala, yemwe anamupatsa dzina longopeka loti Mr Gates. Anamupempha kuti kwa sabata imodzi asunge nkhani zonse zomwe wakana, alembenso chifukwa chake. Zinapezeka kuti mkuluyu ankataya pafupifupi nkhani 9 mwa 10 zilizonse, zina chifukwa cha kuchepa kwa malo, zina chifukwa sizinamusangalatse basi. Apa ndi pomwe panafalikira ganizo loti mkonzi ndi mlonda wa pachipata.

Mu 1965, Johan Galtung ndi Mari Ruge a ku Norway anafunsa funso lina: nanga mlondayo amayang'ana chiyani? Ataunika momwe nyuzipepala zakwawo zinkalembera za mavuto a ku Congo, Cuba ndi Cyprus, anandandalika zinthu 12 zomwe zimachititsa kuti chochitika chisanduke nkhani. Zina mwa izo ndi kuipa kwake, kudzidzimutsa kwake, komanso ngati chikukhudza anthu otchuka kapena mayiko olemera. Mukadabwa kuti bwanji Africa imamveka kunja pokhapokha kukagwa njala kapena nkhondo, yankho lina ndi limeneli.

Kenako ofufuza anatembenukira kwa ife owerenga. Maxwell McCombs ndi Donald Shaw anacheza ndi anthu 100 a ku Chapel Hill omwe anali asanasankhe womuvotera pa chisankho cha ku America cha 1968. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 1972, zinaonetsa kuti nkhani zomwe atolankhani ankazibwereza kwambiri ndi zomwenso ovotawo ankati ndi zofunika kwambiri m'dziko. Mwachidule, yemwe amasankha mitu ya nkhani amasankhanso zomwe tizikangana m'minibasi.

M'zaka za m'ma 1970, ena anatopa ndi kuwerenga nyuzi ali patali. Gaye Tuchman ndi Herbert Gans analowa m'zipinda zolembera nkhani n'kumangoonerera ntchito. Anaona kuti mlonda si munthu mmodzi ayi. Nthawi yotsekera nyuzi, malamulo a kampani ndi chizolowezi chofunsa akuluakulu omwe sachedwa kupezeka, zonsezi zimasefa nkhani mkonzi asanazione n'komwe.

Mwina mwaona kale vuto: maina onsewa ndi a ku America ndi ku Ulaya. Kwa nthawi yaitali maphunzirowa ankayenda ngati dziko lonse limalandira nyuzi pakhomo m'mawa uliwonse. Mu 1989, Stephen Ellis analemba za radio trottoir, dzina lachifalansa la nkhani zoyenda pakamwa m'misewu ya mizinda ya mu Africa. Iye anati pomwe wailesi ya boma imabisa zinthu, anthu amadalira zonong'onezanazo, choncho ofufuza asazinyoze. M'ma 1990, Francis Kasoma wa ku Zambia analimbikira kuti mtolankhani wa kuno aziyankha kwa anthu omwe amakhala nawo, osangotengera malamulo olembedwa kwina. Ndipo mu 2011, Harri Englund anatulutsa buku lonse lokhudza Nkhani Zam'maboma za pa MBC. Pulogalamu yomwe ena ankaiyesa ya zaufiti ndi zoseketsa chabe, iye anaonetsa kuti ndi bwalo lomwe anthu wamba amadzudzulirapo mafumu, mabwana ndi abambo othawa udindo.

Kenako foni inabwera n'kugumula mpanda. Lero Facebook ndi TikTok zimakuikirani patsogolo zomwe zikuganiza kuti mukhalapo nthawi yaitali, ndipo pa WhatsApp nkhani imadutsa kwa azakhali, kwa anzanu a kutchalitchi, kwa ine. Mu 2018, ofufuza a ku MIT anaunika nkhani pafupifupi 126,000 zomwe zinafala pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yochuluka pafupifupi ka 6 kuti ifikire anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza. Chomwe chinandiluma ine n'chakuti sanaloze chala makina. Anati ndi anthu enieni omwe amathamangitsa bodza, makamaka chifukwa limakhala lachilendo ndi lodzidzimutsa.

Pa WhatsApp zinthu n'zovutirapo, chifukwa mauthenga ake ndi otsekedwa, moti wofufuza sangaone zomwe zikuyenda m'gulu lomwe iye mulibe. Uthenga wanga uja palibe pulofesa yemwe anauwerenga. Anauwerenga ndi amalume, ndipo anaukhulupirira chifukwa unachokera kwa ine.

Mr Gates uja ankalemba chifukwa chomwe wakanira nkhani. Ine tsopano ndimadzifunsa chifukwa chomwe ndikufuna kuitumizira. Yachokera kwa ndani? Ili ndi tsiku? Wailesi kapena nyuzi ina yodziwika yanenapo? Zimadya kabandulo pang'ono ndi mphindi ziwiri, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama ya lendi ija ndinabwezako theka. Amalume analandira, koma mpaka lero ndikaponya chilichonse pagulu paja amayamba afunsa kuti, "Iyi ndiye yoona, mphwanga?"