Za katiriji yachikasu, Adriano ndi makina okonda intaneti

Katiriji yachikasu ija inkanama, ndipo mwana aliyense amene anaigwirapo ankadziwa. Pachikuto pake ankalemba kuti muli magemu 9,999,999, koma ukayatsa TV n'kuyamba kutsika ndi mndandanda, unkangopeza magemu ochepa omweomwewo akubwerezedwabwerezedwa: Mario wolowa m'mipope, akasinja oteteza chiwombankhanga, abakha owomberedwa ndi mfuti yapulasitiki, ndi asilikali awiri a Contra. Gemu ya nambala 1 ndi ya nambala 5,000 zinkangosiyana poyambira kapena mtundu wa thambo. Palibe ankadandaula. M'nyumba za m'tauni zimene zinali ndi TV, ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka ngakhale Harare, kabokosi kameneko ndi kamene kanayamba kupatsa mwana mphamvu yolamula zochitika pagalasi.

Ambiri sitinkadziwa kuti kabokosiko kanali kokopera. Mwini wake weniweni anali Nintendo, kampani ya mumzinda wa Kyoto ku Japan, imene inayamba mu 1889 ndi malonda a makadi osewerera. Mu Julayi 1983 inatulutsa makina otchedwa Famicom, ndipo mu 1985 inapita nawo ku America pa dzina loti NES. Inapeza msika wa kumeneko uli chikomokere. Magemu osalongosoka anali atachuluka, anthu atasiya kugula, ndipo kampani ya Atari inali itafika pokakwirira makatiriji osagulidwa, kuphatikizapo a gemu ya E.T., kudzala la ku Alamogordo ku New Mexico. Anthu ena ankayesa nthano mpaka pamene anakafukula mu 2014. Super Mario Bros. ya Shigeru Miyamoto ndi imene inadzutsanso msikawo, ndipo makina a Nintendo anagulidwa oposa 60 miliyoni.

Mafakitale a ku Taiwan ndi ku China anaona kuti m'kati mwa Famicom munalibe zovuta kukopera, ndiye anadzaza nayo dziko. Ku Russia ankaitchula Dendy, ku Poland Pegasus, ku South Africa Golden China. Yochenjera kwambiri inali PolyStation, yooneka ndendende ngati PlayStation, koma ukatsegula chivundikiro choika CD unkapeza kabowo ka katiriji. Kholo limene linagula limeneli likuganiza kuti lapeza PlayStation yotchipa linkauzidwa zoona ndi ana a aneba.

Pali chinthu chimene nkhani za makinawa zolembedwa kunja sizinena. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Pamene ma TV ankayamba kuchuluka m'makomo mwathu, ana a ku Tokyo anali akudikira PlayStation 2, pomwe ife tinali tikulowa kumene m'chaka cha 1983. Mikangano yonse ya makampani inkatifika itatha kale, wopambana akudziwika, ndipo inkatifika kudzera mwa achibale a ku Joni, m'sitolo za ku Limbe ndi pamabenchi a zamagetsi mumsika. Makina ochokera ku America ankabwera ndi misampha iwiri. Anapangidwira magetsi a mavoti 110, pomwe athu ndi 230, choncho wongofulumira kulumikiza ankamva fungo la waya wopserera. Akapulumuka pamenepo, chithunzi chinkatuluka chopanda mitundu, chifukwa ma TV athu ndi a PAL pomwe a kumeneko ndi a NTSC.

Amene anakula nazo amakumbukira miyambo yake. Gemu ikakana, unkazula katiriji n'kuipemerera mpweya, ngakhale opanga ake ankaletsa poti chinyezi cha m'kamwa chimachititsa dzimbiri. Adapita inkatentha moti sungaigwire. Makolo akafika kuchokera kuntchito ankayamba agwira kumbuyo kwa TV, ndipo kutenthako kunali umboni wokwanira. Kusunga pamene wafika kunalibe: magetsi akazima uli pafupi kumaliza, unkayambiranso pachiyambi. Mfuti ya abakha ija lero ndi chidole chabe, chifukwa inkadalira mmene TV yachimkute inkathwanimitsira kuwala, ndipo pa ma TV apyapyala amakono siona kanthu.

Tikafika poyerekeza makina, mbiri ili ndi khalidwe limodzi limene otsatsa malonda sakonda kulitchula. Kawirikawiri makina amphamvu kwambiri sindiwo amapambana. Game Boy ya Nintendo, ya mu 1989, inali ndi kagalasi kobiriwira kopanda mitundu, kosaoneka mumdima. Game Gear ya Sega inali ndi mitundu ndi kuwala kwake, koma inkadya mabatire 6 m'maola ochepa, pomwe Game Boy inkayenda nthawi yaitali ndi mabatire 4. Gunpei Yokoi, amene anatsogolera kupanga Game Boy, ankakhulupirira kugwiritsa ntchito zipangizo zakale zotchipa m'njira yatsopano. Game Boy pamodzi ndi mng'ono wake wa mitundu anagulidwa oposa 118 miliyoni. Kuno ambiri sanaigwirepo. Tinali ndi Brick Game, imene inkakopera Tetris ya Alexey Pajitnov wa ku Moscow, ndipo kaphokoso kake kanakwiyitsa aphunzitsi ambiri.

Nkhondo ya Sega ndi Nintendo m'zaka za m'ma 1990 inali yaphokoso koma kuno inadutsa chapatali. Sega inabweretsa Mega Drive mu 1988 ndi Sonic mu 1991, n'kumanyoza Nintendo kuti ndi ya tiana. Mortal Kombat itafika m'makomo mu 1993, Nintendo inachotsa magazi n'kuika thukuta, pomwe pa Sega magazi ankabwera ukadina mabatani ena mobisa. Nkhaniyi inakafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya Senate ku America, ndipo mu 1994 kunabadwa bungwe la ESRB loika malire a zaka pa magemu.

Amene anasintha zonse ndi Sony, ndipo inalowa m'bwalo chifukwa chonyozedwa. Inali pa mgwirizano ndi Nintendo wopanga makina owerenga ma CD. Mu 1991, pachionetsero cha zamagetsi ku Chicago, Sony italengeza za makinawo, Nintendo inaimirira tsiku lotsatira n'kunena kuti igwira ntchito ndi Philips. Ken Kutaragi, injiniya wa Sony, anakakamira kuti ntchitoyo ipitirire, ndipo PlayStation inatuluka ku Japan pa 3 Disembala 1994. Mu 1995, Sega italengeza kuti Saturn idzagulitsidwa madola 399, mkulu wina wa Sony anangokwera pansanja, kutchula 299, n'kutsika. Nintendo inakakamira makatiriji pa Nintendo 64 ya mu 1996. Katiriji yaikulu kwambiri inkanyamula mamegabaiti 64, pomwe CD imodzi inkanyamula oposa 600 ndipo inali yotchipa kupanga. Opanga Final Fantasy VII anasamukira kwa Sony n'kuitulutsa mu 1997 pa ma CD atatu. PlayStation inadutsa 100 miliyoni, Nintendo 64 inathera pa 33 miliyoni.

Chifukwa china chimene PlayStation inafalira m'maiko ngati athu sichilembedwa m'malipoti a Sony. CD imakopereka. Amisiri a mumsika anaphunzira kuwotcherera kachipu m'kati mwa makina kuti aziwerenga ma CD okopera, ndipo gemu imene ku London inali ya mapaundi makumi angapo inkapezeka pabenchi pamtengo wa chakudya chamasana. Kunali kuba, palibe chobisa. Koma popanda kuba kumeneko, m'badwo wonse wa ku Ndirande, Kawale ndi Matero sukanadziwa Tekken 3 kapena Crash Bandicoot. Laser ikayamba kutopa, ena ankatembenuza makinawo chadodolido kuti awerenge, ndipo nthawi zambiri zinkatheka.

Kenako kunabwera PlayStation 2 mu Malichi 2000, imene ine ndimaiona kuti ndiyo mfumu ya makina onse. Pa mphamvu inkachepera Xbox ya Microsoft ndi GameCube ya Nintendo, zonse za mu 2001. Koma inkaonetsa mafilimu a DVD pa nthawi imene makina a DVD anali odula, motero mwana anali ndi mfundo yokakamizira bambo ake. Inkasewetsanso ma CD a PlayStation yakale. Dreamcast ya Sega, imene inatsogola kutuluka ndipo inali kale ndi njira yolumikizira pa intaneti, inalephera kupirira, ndipo mu 2001 Sega inasiyiratu kupanga makina. Xbox inagulidwa pafupifupi 24 miliyoni, GameCube 22 miliyoni, PlayStation 2 oposa 155 miliyoni. Inayamba pa madola 299 n'kutsika mpaka 99 mu 2009, ndipo Sony inaipanga kwa zaka pafupifupi 13.

Imeneyi ndi imene inatsegula timashopu ta magemu m'mataunishipi: kachipinda kamodzi, TV, benchi, mapadi awiri omangidwa ndi tepi, ndi mzere wa anyamata olipira pa gemu iliyonse. Wogonja ankapereka padi kwa wotsatira. Mkangano waukulu sunali wa Sony ndi Microsoft ayi, unali wa FIFA ya kampani ya EA ndi Pro Evolution Soccer (PES) ya Konami, imene ena ankaidziwa kuti Winning Eleven. FIFA inali ndi chilolezo cha mayina enieni ndi mayunifolomu enieni. Konami inalibe chilolezo cha matimu ambiri a ku England, ndiye Manchester United inkatchedwa Man Red, Liverpool Merseyside Red, Arsenal nthawi zina North London. M'magemu ake oyambirira Roberto Carlos anali Roberto Larcos. Komabe odziwa mpira ankasankha Konami, poti mpira wake unkadunda ngati mpira weniweni ndipo chigoli chinkafuna kuchigwirira ntchito. Mu PES 6 ya mu 2006, Adriano wa Inter Milan anapatsidwa mphamvu ya shoti 99, moti m'magulu ena a anzako kusankha Inter kunkaonedwa ngati chinyengo. Amene ankasewera Master League amakumbukirabe Castolo ndi Minanda, osewera ongopeka amene unkayamba nawo usanapeze ndalama zogulira akatswiri. Ku Brazil anthu anafika potenga gemuyi n'kumaisintha okha, kuikamo matimu akwawo, pa dzina loti Bomba Patch.

Timu yathu ya Flames inaoneka mu gemu ya 2010 FIFA World Cup South Africa, imene inali ndi matimu 199 a maiko, chaka chomwe anyamata a Kinnah Phiri anathira Algeria 3-0 ku Angola. Tsoka lake gemuyo sinatuluke pa PlayStation 2, yomwe ndiyo inali m'mashopu athu.

M'badwo wotsatira unabwereza phunziro lomwe lija. PlayStation 3 inayamba ndi mtengo wofika madola 599. Xbox 360 inkatentha n'kufa, kuonetsa magetsi ofiira mozungulira batani, ndipo kukonza vutoli kunadyera Microsoft ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Wii ya Nintendo, yofooka kuposa onse awiri, inawaposa pogulidwa ndi makina 101 miliyoni chifukwa ngakhale agogo ankatha kugwedeza rimoti n'kusewera tenisi. PlayStation 4 ya mu 2013 inaphwanyako lamuloli, poti inali yamphamvu kuposa Xbox One ndipo inapambana, koma inalinso yotchipa ndi madola 100. Switch ya mu 2017, yofookanso, yadutsa 150 miliyoni.

Tisanamizane, magemu amakono ndi abwino kuposa akale. Ambiri a makatiriji aja anali aafupi, ndipo ankawaumitsa dala kuti mwana asawamalize tsiku limodzi. Zimene timasowa nthawi zambiri ndi anzathu a pabenchi aja, osati gemuyo. PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zonse za mu Novembala 2020 pa madola 499, zimaonetsa thukuta pankhope ya wosewera mpira, ndipo pa mphamvu sizisiyana kwenikweni. Wosankha amayang'ana magemu: Sony ili ndi God of War ndi Spider-Man, Microsoft ili ndi Game Pass yolipira pamwezi, Nintendo ili ndi Mario ndi Zelda.

Vuto lawo kwa ife lili pena. Makina amenewa anapangidwira nyumba imene intaneti yake siwerengedwa ndipo magetsi sazima. Super Mario Bros. yonse inali makilobaiti 40, yochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Magemu ena a Call of Duty amadutsa magigabaiti 100, ndipo ngakhale ukagula CD, makina amafunabe kukoka zowonjezera usanasewere. Wogula bandulo ya pafoni adziwa yekha tanthauzo lake. Xbox Series S ilibe poika CD, PlayStation 5 Pro, imene inatuluka mu 2024 pa madola 699, imagulitsidwanso yopanda poikapo, choncho kubwerekana ndi kugulitsana magemu akale kukutha. Mitengo nayo yasiya kutsika: mu 2022 Sony inakweza mtengo wa PlayStation 5 m'maiko ambiri, ndipo kuno kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale umwini weniweni wa gemu wayamba kukayikitsa. Mu Malichi 2024 kampani ya Ubisoft inazimitsa makompyuta oyendetsa gemu ya The Crew, ndipo onse amene anaigula anatsala ndi chinthu chosatheka kusewera.

N'chifukwa chake achinyamata ambiri apeza njira yawo. Pa foni ya Android amaikapo PPSSPP, pulogalamu yaulere imene imasandutsa foni kukhala PSP, makina a m'manja a Sony a mu 2004 amene anasiya kupangidwa kalekale. Konami inasiya dzina la PES mu 2021 n'kukhala eFootball, ndipo EA inasiya la FIFA mu 2023, koma mafayilo a PES yakale ya pa PSP akuyendabe kuchoka pafoni kupita pafoni popanda kudya bandulo, okonda mpira atawakonza kuti Haaland akhale ku Manchester City ndi Mbappé ku Real Madrid.