Mmene Bala Lobooka la Pakhutu Limalembedwera m'Kaundula wa Zachipatala

Munthu akavulala nakalandira chithandizo, zimene dokotala walemba zimasandutsidwa nambala yaifupi yochokera mu ICD, yemwe ndi kaundula wa matenda ndi zovulala wokonzedwa ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, ndipo nambalayi ndiyo imene a inshuwalansi amayang'ana polipira, komanso imene boma limawerengera pofuna kudziwa mavuto ofika m'zipatala. Mu ICD-10, yomwe inavomerezedwa mu 1990, bala lililonse lotseguka la pakhutu ndi S01.3 basi, koma dziko la America, limene linayamba kugwiritsa ntchito mtundu wakewake wotchedwa ICD-10-CM pa 1 Okutobala 2015, linaigawa nambalayi kotero kuti bala lobooka lomwe mwatsalira chinthu, kaya ndi munga, mbedza, kapena kotsekera ndolo komwe kamira m'mnofu, limalembedwa S01.341 likakhala kukhutu lakumanja, S01.342 likakhala kumanzere, ndi S01.349 ngati dokotala sanatchule mbali.

Kumapeto kwa nambalayi kumaikidwa chilembo chimene ambiri amachimva molakwika. Chilembo A sichitanthauza ulendo woyamba wokha, koma nthawi yonse imene bala likuchizidwa mwachindunji, ngakhale wodwala atatumizidwa kwa dokotala wina kuti akachotse chinthucho. D ndi cha masiku amene bala likupola ndipo wodwala akungobwera kudzatsukitsa kapena kudzaonetsa, pamene S ndi cha vuto lotsalira pambuyo pake, monga chipsera chotupa. Palinso kusiyana kofunika pakati pa chinthu chobaya mnofu ndi chinthu chongolowa m'bowo la khutu, monga njere ya chimanga imene mwana wadziika, chifukwa ichi chili ndi nambala yakeyake, T16, ndipo kung'ambika kwa nembanemba ya mkati mwa khutu chifukwa chovulala kumalembedwa pa S09.2.

Manambala onsewa amadalira chisamaliro chimene chachitikadi. Chinthu chobaya sichiyenera kuzulidwa kunyumba kapena kutokosoledwa ndi kamtengo, popeza chikhoza kuthyokera mkati, ndipo mbedza ikakokedwa chobwerera imang'amba mnofu. Kuchipatala amaunika khutu lonse, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, amachotsa chinthucho, amatsuka bala, kenako amafunsa za katemera wa kafumbata. Bala la kumtunda kwa khutu limafuna tcheru chapadera, chifukwa fupa lofewa limene limaumba khutu lilibe mitsempha yakeyake ya magazi ndipo limadyera pa kanembanemba kolikuta, motero mafinya akasonkhana pamenepo fupalo likhoza kufa ndipo khutu likhoza kupindika mpaka kalekale. N'chifukwa chake kufiira, kutupa ndi ululu wowonjezereka pamalowa siziyenera kudikira tsiku lobwereranso kuchipatala.

Wolemba manambala saona wodwala; amangowerenga zimene zili papepala, ndipo saloledwa kuwonjezera zomwe dokotala sanalembe. Mawu akuti "bala la pakhutu" okha amabisa mbali, kuya kwa bala ndiponso chinthu chimene chachotsedwa, zomwe zingachedwetse malipiro a inshuwalansi ndi kusokoneza dokotala wodzaona wodwalayo mtsogolo. Wodwala kapena womuperekeza ayenera kufotokoza bwino chimene chabaya, nthawi yake ndi katemera amene analandira kale, ndipo asanachoke apemphe kuti zonsezi zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala.