Banga Lobwerera pa Khoma

Mayi wina wa m'kalasi mwathu ku Ngauma anagulitsa nyemba zake nagula penti ku Cuamba. Anapaka chipinda chake katatu. Katatu konse banga lachikasu linatulukanso pamalo omwewo. Ndalama zinapita, banga linatsala.

Pentiyo sanali woipa. Njereza ndi penti wamadzi zimanyowetsa khoma. Madziwo amasungunula litsiro limene lili pansi, ndipo pouma amalikokera pamwamba. N'chifukwa chake kupaka kambirimbiri sikuthandiza.

Choyamba, dziwani chimene chabweretsa banga.

Banga lakuda kapena lachikasu pafupi ndi moto ndi mwaye wa utsi.
Banga lofiira lotsika ngati mzere ndi dzimbiri la msomali kapena la malata.
Banga lozungulira pafupi ndi denga ndi madzi a mvula.
Ufa woyera m'munsi mwa khoma ndi mchere wotuluka m'njerwa zonyowa.
Madontho akuda onunkha ndi nkhungu. Nkhungu imatsokomoletsa ana ndi okalamba.

Chachiwiri, tsekani njira ya madzi. Konzani denga lodontha. Kumbani ngalande kuti madzi asaime m'mbali mwa nyumba. Zulani misomali yadzimbiri.

Chachitatu, dikirani khoma liume. Kuno ku Niassa mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala, nileka mu Epulo. Nyengo yabwino yopaka ndi Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Pulasitala watsopano wa simenti mumpatse masabata 4.

Chachinayi, yeretsani. Palani penti wakale ndi njereza yonse pamalo a banga. Mwaye tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda. Mchere sesani ndi burashi youma, chifukwa madzi amaubwezera m'njerwa. Nkhungu pukutani ndi kapu imodzi ya jiki m'makapu 3 a madzi. Jiki musasakanize ndi mankhwala ena. Tsegulani mazenera.

Chachisanu, tsekerani banga. Pakhoma la pulasitala, pakauma pakani penti woyamba wamafuta pamalo a banga pokha. Madzi sasungunula penti ameneyu, choncho litsiro silidutsa. M'sitolo ku Mandimba kapena ku Cuamba funsani primário wamafuta. Dikirani tsiku lathunthu, kenaka pakani penti wanu kawiri.

Khoma ladothi silifuna penti wamafuta. Palani dothi lothimbirira, zirani ndi dothi latsopano, liume, ndipo pakani njereza mopyapyala kawiri kapena katatu. Samalani maso, njereza imaotcha.

Mayi uja anapeza kuti lata limodzi linali lobooka. Analikonza, nadikira chilimwe, natsekera banga lake. Mvula yabwera kawiri ndipo khoma likadali loyera.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani banga limabwerera?
2. Banga lofiira limachokera ku chiyani?
3. Lembani miyezi itatu yabwino yopaka nyumba.
4. Yang'anani makoma a kwanu. Mawa mudzatiuze zimene mwaona.